Mbiri ya Mabungwe a Antchito ndi Anthu a ku Mchinji

Dziko la Mchinji lili pa mphambano. Munthu woima pa phiri la Mchinji akayang'ana kumadzulo aona dziko la Zambia, kumene kuli mzinda wa Chipata, ndipo akapotolokera kummwera, dziko la Mozambique silili kutali. Kale boma limeneli linkatchedwa Fort Manning, ndipo Chipata ankamutcha Fort Jameson. Maina awiriwa ndi a masiku a nkhondo ya 1898, pamene asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi kuwalanda ng'ombe zambirimbiri. Kuyambira nthawi imeneyo njira za m'dera lino zinasanduka njira za anthu ofuna ntchito.

M'kabuku kano tifotokoza m'mene anthu apaulendo amenewo anaphunzirira kugwirizana pa ntchito, chimene anapindula, ndiponso pamene anapunthwa. Pakuti bungwe la antchito, limene ambiri alitcha yuniyoni, silinagwe kuchokera kumwamba ayi. Lili ndi mbiri yake, ndipo m'mbirimo muli anthu akwathu ambiri.

Msonkho ndi ulendo

Makolo athu ankadziwa bwino kugwira ntchito pamodzi. Munda ukamkulira munthu, iye ankafulula mowa ndi kuitana dima, ndipo anzake ankadza ndi makasu awo. Koma kugulitsa mphamvu zako kwa mlendo, iye nakupatsa ndalama pakutha pa mwezi, chinali chinthu chachilendo. Chimene chinawaphunzitsa zimenezi ndi msonkho. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 Boma la Atsamunda linaika msonkho wa nyumba wa masheleni 6, koma munthu amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira masheleni 3 okha. Cholinga chake sichinabisike. Ndalama m'midzi munalibe, tsono wofuna kuti nyumba yake isatenthedwe kapena mkazi wake asagwidwe anayenera kunyamuka.

Ena a ku Fort Manning anangodumpha malire nakalowa ntchito m'minda ya fodya ya Azungu a ku Fort Jameson. Ena anatsika kudzera ku Tete, naoloka Zambezi, nakafika m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Enanso analembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene anthu athu akutcha ku Joni. Pofika 1935 komiti imene Boma la Nyasaland linaika kuti ifufuze nkhaniyi inapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko. Ambiri sanabwerenso, ndipo kumudzi ankawatcha machona.

Taganizani za munthu wotere atafika pa mgodi. Sadziwa chinenero cha bwana. Malipiro sanapangane ndi munthu, wangouzidwa. Tikiti yake ili ndi masiku 30, ndipo kapitawo akakana kulemba tsiku limodzi, tsikulo lapita pachabe. Phoso likachepa alibe kokadandaula. Akathawa, lamulo la ku Rhodesia linkamuyesa wopalamula mlandu, ndipo apolisi ankamfuna ndi chitupa chake. Mwala ukamphwanya mwendo, ankampatsa kangachepe ndi kumkweza galimoto yobwerera kwawo. Munthu mmodzi payekha analibe chida china koma miyendo yake: kuchoka kwa bwana woipa usiku, ndi kukayesa mwayi kwa wina.

Mwana wa ku Chifira

Munthu woyamba wa dziko lino kuonetsa njira ina anali Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia. Iye anayenda ulendo womwewo wa anzake, nagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, mpaka anafika ku Cape Town mu 1918. M'mwezi wa January 1919 anayambitsa bungwe lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule ICU. Pa msonkhano woyamba analembetsa anthu 24 okha, ambiri a iwo onyamula katundu pa doko.

M'mwezi wa December chaka chomwecho antchito a pa doko ananyanyala ntchito, ndipo zombo zinaima. Sitalakayo inatha asanapeze zonse zimene ankafuna. Koma bungwe silinafe, ndipo pamene linabweranso chaka chotsatira kudzapempha malipiro abwino, makampani a pa doko anakumbukira zombo zija, navomera kukweza. Mbiri inawanda. Pofika 1927 ICU inkanena kuti ili ndi mamembala 100,000, m'mizinda ndi m'mafamu momwe, ndipo chaka chimenecho Kadalie anapita ku Geneva, kumene kumakhala bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, kukanena za mavuto a antchito akuda.

Moto unafika ndi ku Rhodesia. Mu 1927 Robert Sambo, wochokeranso ku Nyasaland, anatsegula nthambi ya ICU ku Bulawayo, ndipo Boma la kumeneko linamthamangitsa m'dzikomo. M'chaka chomwecho antchito ngati 3,500 a pa mgodi wa Shamva, ambiri a iwo a ku Nyasaland, anaika zida pansi masiku angapo. Analibe bungwe lokhazikika, tsono atsogoleri awo atagwidwa ndi kupitikitsidwa, otsala anabwerera kuntchito.

Koma tisabise mathero a ICU, chifukwa nawonso ndi phunziro. Bungwelo linakula msanga koposa nzeru zoliyendetsera. Ndalama za mamembala sizinkalembedwa bwino m'mabuku, ndipo zina zinalowa m'matumba a anthu. Atsogoleri anayamba kukangana. Nthambi ya ku Durban inapatuka mu 1928, ndipo mu 1929 Kadalie mwini anachoka. Anthu a m'mafamu amene anapereka masheleni awo poyembekeza kuti bungwe liwabwezera minda anatsala manja ali m'khosi. Kadalie anamwalira ku East London mu 1951, bungwe lake lalikulu lija litasanduka tizidutswa.

Masitalaka atatu a ku migodi ya mkuwa

Wofuna kuona bwino kusiyana kwa khamu la anthu okwiya ndi bungwe la antchito ayang'ane ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Kumeneko kunkapita anthu ambiri olankhula Chinyanja, a ku Fort Jameson, a ku Petauke, ndi a tsidya lino la malire. Kunachitika masitalaka atatu akulu, ndipo tiwaone mmodzimmodzi.

Yoyamba inali ya mu May 1935. Boma linakweza msonkho wa anthu okhala m'migodi mwadzidzidzi, ndipo linalengeza mosasamala. Antchito a ku Mufulira anayamba kunyanyala, kenaka a ku Nkana, kenaka a ku Roan Antelope ku Luanshya. Uthenga unkayenda kudzera m'magulu a gule wa mbeni ndi m'makalata olembedwa usiku. Koma panalibe munthu amene akanaima pamaso pa bwana ndi kunena kuti, ine ndatumidwa ndi onsewa, ndipo chimene tifuna ndi ichi. Makampani anali ataika akuluakulu a mitundu m'makomboni, Mbemba woyang'anira Abemba, Mngoni woyang'anira Angoni, koma pa tsiku la mavuto anthu anawaona ngati maso a bwana, ndipo ena a iwo anathawira ku ofesi. Ku Luanshya khamu linazinga ofesi ya komboni, miyala inaponyedwa, apolisi anaomba mfuti, ndipo anthu 6 anafa.

Yachiwiri inali ya mu 1940. Azungu a m'migodi, amene anali ndi bungwe lawo kale, ananyanyala ntchito m'mwezi wa March, ndipo anapatsidwa zambiri zimene anapempha popanda wokhetsa mwazi. Anthu akuda ataona zimenezo anati nafenso tichite chomwecho. Ku Nkana, pa 3 April, asilikali anaombera khamu, ndipo anthu 17 anataya moyo. Malipiro anakwera pang'ono pokha. Onani tsono: mgodi umodzi, mwezi wotsatana, madandaulo ofanana, ena anapita ku tebulo, ena anapita kumanda.

Nkhondo yaikulu yachiwiri itatha, Boma la ku Britain linaona kuti n'kwabwino kulankhula ndi atsogoleri odziwika kusiyana ndi kulimbana ndi khamu lopanda mutu. Mu 1947 linatumiza William Comrie, munthu wa mabungwe a antchito wa ku Scotland, kuti akathandize anthu akuda kuyambitsa mabungwe awo. Tisaganize kuti iye ndiye anabweretsa nzeru yogwirizana, pakuti anthu anali atafera kale nzeruyo. Chimene anathandiza ndi kaendetsedwe: kulemba maina a mamembala, kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kusunga mabuku, kusankha komiti, kulemba zokambirana. Mu 1949 mabungwe a migodi inayi anaphatikizana kukhala African Mineworkers' Union, ndipo mtsogoleri wake anali Lawrence Katilungu, amene kale anali mphunzitsi.

Tsono inadza sitalaka yachitatu, ya mu October 1952. Bungwe linapempha kuti malipiro akwere ndi masheleni 2 ndi makobiri 8 pa tsiku. Makampani anakana. Bungwe linafunsa mamembala ake mwa voti, ndipo iwo anavomera kunyanyala. Antchito oposa 30,000 anakhala m'nyumba zawo milungu itatu. Atsogoleri anaika anthu awoawo osungitsa bata, analangiza anthu kuti asasonkhane pa zipata ndiponso asanyamule zibonga, ndipo analola kuti ntchito zosunga mgodi kuti usadzale madzi zipitirire. Ambiri anapita kukalima timinda tawo ndi kukafuna bowa kutchire. Mfuti sinalire. Pamapeto pake mbali zonse ziwiri zinavomera kuti mlandu ugamulidwe ndi munthu wapadera, C. W. Guillebaud, katswiri wa za chuma wa ku Cambridge. Chigamulo chake cha kuchiyambi kwa 1953 sichinapereke zonse zimene bungwe linapempha, koma chinakweza malipiro koposa m'mene anakwererapo chiyambire migodiyo. Chaka chomwecho antchito anavota kuti akuluakulu a mitundu aja achotsedwe. Anali ataona kuti pansi pa mgodi mwala sufunsa ngati ndiwe Mchewa kapena Mlozi.

Anthu a mu 1935 sanali amantha kuposa a mu 1952, ndipo njala yawo inali imodzimodzi. Chimene a mu 1952 anali nacho ndi thumba la ndalama, buku la maina, ndi anthu osankhidwa amene mawu awo bwana ankadziwa kuti ndi mawu a onse. Akulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma ngakhale zala ziwiri, zikapanda kukumana pamalo amodzi, nsabwe ipulumuka.

Kwathu kuno

Ku Nyasaland mabungwe anachedwa, chifukwa kunalibe migodi yosonkhanitsa anthu zikwizikwi pamalo amodzi. Oyamba anali madalaivala a ku Blantyre, anthu oyenda amene ankaona zochitika ku Salisbury ndi ku Bulawayo, kumene antchito a njanji ananyanyala mu 1945. Lawrence Makata ndi Lali Lubani anayambitsa bungwe la oyendetsa magalimoto, limene linalembetsedwa ku Boma mu 1949. Pambuyo pake panadza la ogwira ntchito m'masitolo, ndi la antchito a njanji, ndipo mu 1956 mabungwewa anapanga likulu lawo limodzi. M'masiku olimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, makamaka atsogoleri a ndale atatsekeredwa mu March 1959, mabungwe anakula msanga, ndipo chaka cha 1960 chinali cha masitalaka ambiri.

Ufulu utabwera mu 1964 zinthu zinatembenuka. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinafune mawu ena pambali pa chipani cha Malawi Congress Party. Mabungwe anaikidwa pansi pa chipani, ambiri anathetsedwa, ndipo otsala anangokhala maina. Mmodzi wa atsogoleri achinyamata a mabungwe, Chakufwa Chihana, anachotsedwa m'chipani, nathawira kunja, ndipo atabwerako anakhala m'ndende zaka zambiri popanda mlandu kuzengedwa. Kwa zaka pafupifupi 30 mawu oti sitalaka ankanenedwa monong'ona.

Nkhani ya a ku Joni ionetsa m'mene wantchito wopanda bungwe amakhalira. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo kuchokera ku migodi anafa. Dr Banda analetsa Wenela, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri. Kulemba anthu kunayambanso mu 1977, nkutheratu mu 1988. Potseka, potsegula, ndi potsekanso, maboma ndi makampani ankapangana okhaokha. Eni ake a mapapo odzala fumbi sanafunsidwe kanthu, ndipo ambiri akalamba akulondola ndalama zawo.

Chaka cha 1992 ndicho chinaswa chete. Pa 8 March maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo, imene mwa zina inadandaula za kuchepa kwa malipiro a anthu wamba. Pa 6 April Chihana, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa mgwirizano wa mabungwe a antchito a kummwera kwa Africa, anamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe atabwera kudzaitanitsa ndale za zipani zambiri. M'mwezi wa May antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre anatuluka kukafuna malipiro abwino, anthu a m'tauni anawatsatira, ndipo pa zipolowe zimene zinabuka anthu pafupifupi 40 anaphedwa. Apanso tiona chimene tinaona ku Luanshya: pamene palibe bungwe lolankhulira anthu, mkwiyo umatulukira pamsewu. Riferendamu inachitika pa 14 June 1993, ndipo mu 1995 likulu la mabungwe linadzukanso ndi dzina loti Malawi Congress of Trade Unions.

Matenanti a m'maesiteti

Tibwerere ku Mchinji. Pamene njira ya ku Joni inali kutsekeka, m'boma lino ndi la Kasungu munali kutsegulidwa maesiteti a fodya. M'zaka za m'ma 1970 malo aakulu a mafumu anasandutsidwa a lizi, napatsidwa kwa makampani, kwa nduna, ndi kwa akuluakulu a Boma ndi a chipani. Dera limene kale linkatumiza ana ake kunja linayamba kulandira alendo. Malole ankabwera ndi mabanja ochokera ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Machinga, kumene malo olima ndi ochepa, kudzakhala matenanti.

Mchitidwe wa utenanti si wa dzulo. Unayamba m'chigawo chapakati cha m'ma 1920, pamene A. F. Barron anatsegula minda ya fodya ku Mbabzi pafupi ndi Lilongwe. Kayendedwe kake nkotere. Mwini esiteti apatsa tenanti ndime yoti alime fodya. Ampatsanso chimanga, mchere, feteleza, makasu ndi mapepala ofolerera chigafa, koma zonsezi ndi ngongole yolembedwa m'buku la bwana. Tenanti salandira malipiro pa mwezi. Afesa nazale dzuwa lili phwee, aokera mvula ikagwa, apalira, athyola, asoka, ayanika, asankha. Ntchito ya fodya ndi yoti munthu mmodzi sangaithe, tsono mkazi alowa m'munda, ndi ana omwe, ngakhale dzina lolembedwa m'buku ndi la bambo yekha. Pakutha pa chaka tenanti agulitsa fodya wake kwa mwini esiteti yemweyo. Woika giredi ndi bwana, woyeza pa sikelo ndi bwana, wodula mtengo ndi bwana, wosunga buku la ngongole ndi bwananso. Akachotsa ngongole, ena ankatsala ndi ndalama yogulira njinga kapena wailesi, ndipo tisakane kuti eni maesiteti achilungamo analipo. Koma ambiri ankauzidwa kuti palibe chotsala, kapena kuti ngongole yapitirira, ndipo alimenso chaka china kuti abweze. Ndalama yobwerera ku Mulanje analibe.

Chovuta china chinali chakuti lamulo silinkamdziwa bwino tenanti. Akapita kukadandaula, bwana ankati uyu si wantchito wanga, ndi mlimi amene ndimagula fodya wake. Ndipo kusonkhanitsa matenanti n'kovuta koposa kusonkhanitsa anthu a mumgodi. Amwazikana m'maesiteti mazanamazana, ena kutali ndi msewu monga cha ku Mkanda ndi ku Kapiri. Nyumba imene agonamo ndi ya bwana. Chakudya cha mawa chili m'nkhokwe ya bwana. Ndipo chaka chamawa mwina adzakhala kwina.

Ngakhale zinali choncho, m'zaka za m'ma 1990 munabadwa bungwe la matenanti ndi antchito a m'minda ya fodya, lodziwika ndi dzina loti TOTAWUM, limene pambuyo pake linatchedwa TOAWUM. Silinakhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito monga la Katilungu, ndipo ndalama zake zinali zochepa. Ntchito yake inali ya kachetechete: kuphunzitsa matenanti kuti apangane ndi bwana polemba asanayambe kulima, kuwalimbikitsa kusunga kabuku kawokawo ka ngongole, kuperekeza odyeredwa ku ofesi ya zantchito, ndi kunena poyera, kuno ndi kunja komwe, za ana amene akusoka fodya m'malo mokhala m'kalasi. Bilu yoteteza matenanti inalembedwa m'zaka zomwezo, koma inagona m'maofesi zaka zoposa 20 osafika pokhala lamulo. Zinthu zinafulumira pamene dziko la America, mu November 2019, linayamba kuletsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito ndi kuletsa utenanti. Mwa lamulo, wolima fodya wa mwini esiteti tsopano ndi wantchito woyenera kulandira malipiro. Koma aliyense wodziwa midzi ya kuno adziwa kuti m'malo ambiri dzina lokha ndilo lasintha.

Chimene membala apeza lero

Malamulo amene tili nawo tsopano ndi abwino koposa amene makolo athu anawadziwa. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 31, apatsa munthu aliyense ufulu woyambitsa kapena kulowa bungwe la antchito. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 liletsa bwana kuchotsa munthu kapena kumzunza chifukwa cha umembala wake. Lamulo la Employment Act la 2000 linena kuti ntchito ya masiku onse isapitirire maola 48 pa mlungu, ndipo opitirira alipiridwe mwapadera. Kuti wogwira masiku 6 pa mlungu apume masiku 18 pa chaka akulandira malipiro. Kuti mayi woyembekezera apatsidwe milungu 8. Ndiponso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka ndi mwayi wodziteteza. Palinso lamulo la chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito, ndi bwalo lapadera la milandu ya zantchito.

Wina angafunse kuti, ngati lamulo lilipo kale, ndiperekerenji ndalama yanga ku bungwe mwezi ndi mwezi? Yankho lake ndi lakuti lamulo lili m'buku, ndipo buku siliyenda lokha kupita ku esiteti. Mlonda wa pa sitolo pa Kamwendo amene wagwira maola 72 pa mlungu angadziwe kuti akuberedwa, koma akakamba yekha, mawa apeza wina atavala yunifolomu yake. Akakamba kudzera mwa nthumwi ya bungwe, bwana adziwa kuti nkhaniyo yalembedwa ndipo ifika patali. Munthu akaitanidwa kukayankha mlandu pa ntchito, nthumwi imakhala pambali pake ndi kuona kuti mwambo watsatidwa. Akachotsedwa mosayenera, bungwe limadziwa khomo loyamba kugogoda ndi ziwerengero za ndalama zimene ayenera kulandira, zinthu zimene munthu wongophunzira kumene kuwerenga zingamsokoneze.

Koma phindu lalikulu ndi lija la ku migodi ya mkuwa, kupangana malipiro pamodzi. Lamulo la 1996 linena kuti antchito 20 mwa 100 alionse a pamalo akakhala mamembala, bwana ayenera kukhala pansi ndi bungwe lawo. Chimene agwirizana chimalembedwa ndi kusainidwa, ndipo chimamanga mbali zonse ziwiri. Malipiro ochepetsetsa amene Boma limalengeza nawonso amakambidwa pakati pa Boma, olemba ntchito, ndi mabungwe a antchito. Mu February 2013 antchito a m'Boma ananyanyala pafupifupi milungu iwiri motsogozedwa ndi bungwe lawo, ndipo olandira zochepa anakwezeredwa ndi 61 pa 100 iliyonse. Amesenjala ndi osesa a pa boma la Mchinji analandira nawo, ngakhale amene sanapiteko ku msonkhano uliwonse.

Sitalaka ndi chida chomaliza, ndipo ili ndi mwambo wake. Nkhani iyenera kuyamba yapita kwa oyanjanitsa, ndipo chidziwitso chiperekedwe nthawi isanakwane. Onyanyala osatsata njirayi lamulo siliwateteza. Kuyambira 2021 bwana aloledwa kudula malipiro a masiku onyanyala akapitirira atatu pa chaka, chinthu chimene mabungwe anachitsutsa kolimba koma sanaphule kanthu. Nchifukwa chake thumba la bungwe ndi lofunika lero monga linalili mu 1952, ndipo membala ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano kuti ndalama zalowa zingati, zatuluka zingati, ndipo chisankho cha atsogoleri chidzachitika liti. A ICU akadafunsa mafunso amenewa nthawi ikadalipo, mwina mbiri yawo ikadatalika.

Patsala nkhani ya malire. Monga kale, anthu a ku Mchinji akadaolokabe kukalima fodya m'minda ya ku Chipata ndi ku Lundazi, ambiri opanda chikalata chilichonse. Kumeneko lamulo la Malawi silifika, ndipo wodyeredwa amaopa kupita kwa a Boma la Zambia, chifukwa funso loyamba lidzakhala lakuti analowa bwanji m'dzikomo. Mabungwe a maiko awiriwa amakumana mu mgwirizano uja umene Chihana anali mlembi wake, umene unakhazikitsidwa mu 1983, koma khadi la umembala lodulidwa tsidya lino silinayambe kugwira ntchito pa famu ya tsidya ilo.